Phunziro 17: Msewu suthera pa malire

1. Madistrito awiri a ku mapiri

Tsangano ndi Makanga ndi madistrito a m'cigawo ca Tete. Onse awiri ali kumpoto kwa mtsinje wa Zambezi, ndipo onse awiri anacita malire ndi dziko la Malawi. Anthu ambiri a kumeneko amalankhula Cinyanja.

Distrito ya Tsangano inakhazikitsidwa mu 1986. Kale dera limeneli linali mbali ya Angoniya. Ili ndi maposto awiri: Tsangano ndi Ntengo-wa-Mbalame. Likulu la Makanga ndi Furankungo. Nayonso Makanga ili ndi maposto awiri: Furankungo ndi Cidzolomondo. Pa kalembera wa 2007, ku Tsangano kunali anthu pafupifupi 170 000, ndipo ku Makanga kunali anthu oposa 110 000.

Dzikoli ndi la mapiri, lozizira, ndipo mvula imagwa yokwanira. Ku Tsangano anthu amalima mbatatesi, tirigu, cimanga, nyemba ndi ndiwo zamasamba. Ku Makanga amalima fodya, cimanga, nyemba ndi soya. Zokolola zimenezi zimadyetsa anthu a ku Tete ndi ku Moatize, kumene kumatentha ndipo mvula ndi yocepa.

Koma thumba la mbatatesi lilibe miyendo. Likapanda kupeza galimoto, limaolera m'mphepete mwa munda. Feteleza akafika mocedwa, amapeza cimanga citacita kale cikasu. Mayi wapakati akadwala usiku mtsinje utadzaza, moyo wake ndi wa mwana umakhala pa ciswe. Mabuku a sukulu, mankhwala a ku cipatala, mcere ndi sopo, zonsezi zimadzera pa msewu.

Akuluakulu anati: walira mvula walira matope. Mvula imene imakulitsa mbewu ndi yomweyo imene imaononga msewu. Nanga msewu ukaonongeka amaukonza ndani? Ndani amasankha msewu woyamba kukonzedwa? Phunziro lino likuyankha mafunso amenewa.

2. Njira za kale

Makolo ankayenda pansi m'tinjira ta m'thengo. Katundu ankasenza pamutu. Atsamunda Acipwitikizi atafika, iwo ankanyamulidwa pa macila, ndipo pambuyo pake analamula kuti anthu alambule misewu ya galimoto. Nchitoyo inali ya cibalo. Asipayi ankagwira amuna m'midzi ndi kuwatengera ku msewu mokakamiza. Panalibe wofunsa eni mudzi kuti msewu udzere pati. Lamulo lololeza cibalo linathetsedwa mu 1961, ndipo dziko linalandira ufulu pa 25 Juni 1975.

Nkhondo imene inatsatira inaononga misewu koopsa. Milatho inagwetsedwa. M'njira zambiri munakwiriridwa mabomba. Anthu a ku Tsangano, Angoniya ndi Makanga anathawira ku Malawi, makamaka ku Ntcheu ndi ku Dedza. Dziko la Malawi linasunga othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi.

Pangano la mtendere linasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Anthu pobwerera kwao anapeza misewu itamera udzu ndi mitengo. Nchito yoyamba inali kucotsa mabomba. M'cigawo ca Tete, bungwe la Norwegian People's Aid linathandiza pa nchitoyi kuyambira mu 1993. Inali nchito ya zaka zambiri, cifukwa ndi mu 2015 pamene boma linalengeza kuti malo onse odziwika a mabomba ayeretsedwa.

Misewu yambiri ya kumidzi inatsegulidwanso ndi manja. Amuna ndi akazi anagwira makasu, mapiki, mafosholo ndi mawilibala. Zida zake zinali ngati za nthawi ya cibalo, koma tsopano munthu ankalembedwa nchito mwa kufuna kwake ndipo ankalandira malipiro.

3. Msewu uliwonse uli ndi mwini

Misewu ya m'kaundula wa boma m'dziko la Mozambiki ndi yotalika pafupifupi makilomita 30 000. Ya phula siikwana gawo limodzi mwa magawo atatu. Yotsalayo ndi ya dothi. Misewuyi inagawidwa m'magulu anayi.

Gulu loyamba ndi misewu ikuluikulu yolumikiza zigawo, madoko ndi maiko oyandikana. Citsanzo ndi N7, wodzera ku Tete ndi Moatize mpaka ku Zobwe. Cina ndi N9, wocokera ku Tete kupita ku Kasakatiza, pa malire ndi Zambia.

Gulu laciwiri ndi misewu yotuluka m'misewu ikuluikulu kupita ku madera ofunika. Citsanzo ndi N304, woyambira pa Musakama, wodzera ca ku Ulongwe mpaka ku Kalomwe.

Gulu lacitatu ndi lacinayi ndi misewu yolumikiza malikulu a madistrito, maposto ndi midzi ikuluikulu. Nambala zake zimayamba ndi cilembo R. Zitsanzo ndi R604 ndi R605.

Palinso misewu yambiri yopanda nambala. Imeneyi ndiyo imafika pa sukulu, pa cigayo ndi pa dimba.

Boma la dziko lonse limayang'anira misewu kudzera m'bungwe la Administração Nacional de Estradas, mwacidule ANE. Bungweli linakhazikitsidwa mu 1999 ndipo lili ndi ofesi m'cigawo ciliconse. Lili ndi akatswiri oyeza misewu, ndipo limalemba makampani omanga. Ndalama zimasungidwa ndi bungwe lina, Fundo de Estradas, limene linaima palokha mu 2003. Gawo lalikulu la ndalamazo limacokera ku msonkho wa mafuta a galimoto. Aliyense wogula petulo kapena dizilo amaponyako kangacepe. Zina zimacokera ku malole a maiko ena odutsa m'dzikoli ndi ku maiko othandiza.

Cigawo naco cili ndi udindo. Malamulo aakulu a dziko atasinthidwa mu 2018, zigawo zinapatsidwa mphamvu pa misewu ndi milatho yothandiza anthu a m'cigawomo, ndiponso pa nkhani ya magalimoto onyamula anthu. Mu 2019 anthu anavotera abwanamkubwa a zigawo kwa nthawi yoyamba. Kale bwanamkubwa ankasankhidwa ndi pulezidenti.

Distrito imasamala misewu yopanda nambala. Kuyambira mu 2006, pa likulu la distrito pali ofesi yoona za mapulani ndi zomangamanga, imene anthu amaichula kuti SDPI. Distrito imalandira kagawo ka ndalama za Fundo de Estradas. Ndalamazo zingathe kukonza malo oipitsitsa ndi kumanga makalavati, koma sizingakwanire kumanga mlatho waukulu.

Tauni ya Ulongwe ili ndi khonsolo yakeyake kuyambira mu 2008. Misewu ya m'kati mwa tauniyo ili m'manja mwa khonsoloyo.

Mudzi umasamala tinjira take ndi maulalo a mitengo. Mfumu ikamema, anthu amatuluka ndi makasu.

4. Pempho la mudzi limayenda bwanji?

Wokhala ku Maputo sangadziwe kuti ndi mtsinje uti umatsekereza ana a sukulu ku Cidzolomondo. Amadziwa ndi eni dera. N'cifukwa cake boma linakonza njira yoti mawu a kumudzi azikwera kumwamba.

Mu 2000 boma linavomereza mafumu ndi atsogoleri ena a m'midzi kuti azigwira nalo nchito. Mu 2003 kunatuluka lamulo nambala 8, lonena kuti mapulani a citukuko aziyambira pa distrito. Potsatira lamuloli, kunakhazikitsidwa mabwalo a uphungu. Pali bwalo la pa mudzi, la pa lokalidade, la pa posto ndi la pa distrito. M'mabwalomo mumakhala mafumu, alembi a midzi, atsogoleri a mipingo, alimi, amalonda ndi acinyamata. Mwa anthu khumi alionse, osacepera atatu ayenera kukhala amayi.

Pempho limayamba pansi. Anthu a pa mudzi amagwirizana cimene cikuwavuta kwambiri. Nthumwi zao zimakatula nkhaniyo ku lokalidade. Kumeneko imakumana ndi mapempho a midzi ina, ndipo amasankhapo ofunika koposa. Amacita cimodzimodzi ku posto. Pomaliza, bwalo la distrito limakhala pansi pamodzi ndi administradore.

Ndalama sizikwanira mapempho onse. Tsono posankha amafunsa mafunso awa:

Kodi msewuwu umathandiza anthu angati?
Kodi umafika ku cipatala, ku sukulu kapena ku msika?
Kodi m'deralo mumatuluka zokolola zoculuka bwanji?
Kodi umadukiratu nthawi ya dzinja, kapena umangovuta cabe?
Kodi nchitoyo idzadya ndalama zingati?
Kodi msewuwo umakalowa mu msewu wina wabwino?

Zimene agwirizana zimalembedwa m'mapulani awiri. Ina ndi pulani ya zaka zisanu. Ina ndi pulani ya caka cimodzi, yosonyeza nchito ndi ndalama zake. Nchito imene yakulira distrito imatumizidwa ku cigawo ndi ku ANE.

Bwalo la uphungu silisunga ndalama. Nchito yake ndi kulangiza, kusankha ndi kufunsa. Mudzi umene sutumiza nthumwi umaiwalika. Bwalo limene silifunsa mmene ndalama zayendera limaona msewu pa pepala pokha.

5. Misewu iwiri, madistrito atatu

Pa mapu, Tsangano ndi Makanga anagundana. Koma galimoto yocokera pa likulu la Tsangano kupita ku Furankungo imadzera m'distrito ya Angoniya. Msewu wa R605 umapatuka pa N304 pa Mphulu, umakwera ku Tsangano, ndi kukatulukiranso kufupi ndi Ulongwe. Msewu wa R604 umayambira kufupi ndi Ulongwe, umadzera ku Domwe, ndi kukafika ku Furankungo. Uliwonse ndi wotalika pafupifupi makilomita 100.

Kwa zaka zambiri misewu iwiriyi inali yovuta kwambiri nthawi ya mvula. Malole ankatitimira m'matope. Ogula mbewu ankaopa kulowa, ndipo wolimba mtima amene walowa ankagula pa mtengo umene wafuna yekha. Panalibe distrito imene ikanatha kuikonza payokha. Ndipo distrito imodzi ikanakonza mbali yake yokha, galimoto ikanakaima pa malire.

Mu 2013 Banki ya Dziko Lonse inavomereza kupereka madola 100 miliyoni a ku America ku pulojekiti yotukula cigwa ca Zambezi ndi dera la Nacala. Imodzi mwa nchito zazikulu za pulojekitiyo inali kukonza R604 ndi R605. Misewuyi inasankhidwa cifukwa imadutsa m'dera la alimi ambiri, ndipo yonse iwiri imakalowa mu N304.

Pa nchito yotere, aliyense amasenza mbali yake. Boma la dziko lonse limasaina pangano la ndalama. Bungwe lotukula cigwa ca Zambezi, limene linakhazikitsidwa mu 2010, limaona kuti msewu ukugwirizana ndi ulimi ndi malonda a dera lonse. Akatswiri a ANE amayeza msewu ndi kuyang'anira omanga. Cigawo cimakhazika pamodzi madistrito okhudzidwa. Madistrito ndi mafumu amakambirana ndi anthu amene minda, mitengo kapena nyumba zao zili m'njira, kuti alandire cipukuta misozi. Mafumu ndiwo amadziwa pamene pali manda, ndi pamene madzi amasefukira caka ndi caka. Mutu umodzi susenza denga.

Taonani ulendo wa thumba limodzi la mbatatesi. Limacoka m'munda pa ngolo, m'kanjira ka mudzi. Limalowa mu msewu wopanda nambala wa distrito. Pa mphambano limakwera lole ya pa R605. Pa Mphulu limalowa mu N304. Pa Musakama limalowa mu N7, ndipo limatsika mpaka ku Tete. Thumba ndi limodzi, koma ladutsa m'misewu isanu. Pakaduka pamodzi pokha, ulendo wonse waima.

6. Milatho ya ku Tete

Mzinda wa Tete unakhala zaka zambiri ndi mlatho umodzi pa Zambezi. Unatsegulidwa mu 1973, ndipo lero umachedwa mlatho wa Samora Machel. Migodi ya malasha ya ku Moatize itakula, malole anaculuka kuposa mphamvu ya mlathowo. Mu 2010 boma linapangana ndi kampani ya Estradas do Zambeze kuti imange mlatho wina ndi kusamala misewu ikuluikulu ya m'cigawoci. Mlatho watsopanowo, wa Kassuende, unatsegulidwa mu 2014, kumunsi kwa mzinda.

Mu Januwale 2022 kunagwa namondwe Ana. Mtsinje wa Revubwe, umene umacokera ku mapiri a Angoniya, unasefukira ndi kugumula mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize. Anthu anafa, nyumba zinakokoloka. Magalimoto anayamba kuzungulira pa Kassuende. Pakanapanda mlatho waciwiriwo, alimi a ku mapiri akanasowa podzera.

Apa pali maphunziro awiri. Loyamba: pulani yabwino imasiya njira ina yodzera yoyamba ikaduka. Laciwiri: madzi ogwa ku mapiri amakagwetsa mlatho ku cigwa. Wodula mitengo m'mapiri a kumtunda ndi woyendetsa lole ku Moatize sadziwana, koma mtsinje umawalumikiza.

7. Kumanga ndi tsiku limodzi, kusamala ndi masiku onse

Mdani wamkulu wa msewu ndi madzi. N'cifukwa cake msewu wabwino umakhala wokwera pakati ndi wotsetsereka m'mbali, monga denga la nyumba. Madzi amatsikira m'ngalande. Pamene madzi ayenera kuoloka, amaika kalavati, ndiye mpope waukulu wa simenti wodzera pansi pa msewu. Ngalande ikatsekeka, madzi amayenda pa msewu penipeni ndipo amakumba cigwembe.

Nchito zosamala msewu ndi izi: kuchecha udzu m'mbali, kufukula ngalande mvula isanayambe, kucotsa zinyalala m'makalavati, ndi kukwirira maenje akali aang'ono. Dzenje limene lero lifuna wilibala imodzi ya dothi, caka camawa lidzafuna lole yathunthu.

Zoononga msewu ndi izi: kulima mpaka m'ngalande, kukoka pulawo pa msewu, kukumba mcenga patsinde pa mlatho, kuba zitsulo ndi zikwangwani, ndi kupakira katundu wopyola muyeso. Lamulo la Nthaka la 1997 linapatula malo a m'mbali mwa misewu: mamita 30 pa misewu ya gulu loyamba, ndi mamita 15 pa misewu ya gulu laciwiri ndi lacitatu. Womanga nyumba m'malo amenewa amadziputira mavuto.

Pulani ya mayendedwe siiona malole okha. Anthu ambiri ku Tsangano ndi ku Makanga amayenda pansi, pa njinga, pa njinga yamoto, pa ngolo ndi pa shapa. Msewu ukasalala, magalimoto amathamanga, ndipo ngozi zimaculuka. Tsono distrito, apolisi ndi eni magalimoto ayenera kugwirizana za poimira shapa, za malo a msika, ndi za zikwangwani pafupi ndi sukulu. Ku Mozambiki magalimoto amayenda kumanzere. Woyenda pansi ayende kumanja, kuti aziona galimoto imene ikubwera kutsogolo kwake.

8. Tsidya lina la malire

Pakati pa Dedza ndi Ntcheu, msewu waukulu wa Malawi wochedwa M1 umatsata malire. Malo ena, mbali imodzi ya msewu ndi Malawi, mbali ina ndi Mozambiki. Pa msika wa Lizulu anthu a maiko awiriwa amagulitsa pamodzi. Ku Ntcheu kulinso malo ochedwa Tsangano. Anthu ndi amodzi, cilankhulo ndi cimodzi.

Zipata za malire zilipo: Zobwe ayang'anana ndi Mwanza, Kalomwe ayang'anana ndi Dedza, ndipo Biri-Biri ayang'anana ndi Biriwiri. Dziko la Malawi lilibe doko la pa nyanja yamcere. Katundu wake wambiri wocokera ku doko la Beira amadzera m'cigawo ca Tete. Motero maiko awiriwa, amene onse ali m'bungwe la SADC, amakambirana za misewu ndi za zipata.

Kwa mlimi, phindu lake ndi ili: wokhala ndi njira imodzi amalandira mtengo uliwonse. Wokhala ndi njira ziwiri amasankha msika.

9. Sewero: bwalo la uphungu la pa posto

Sewero ili ndi longopeka. Ophunzira asanu ndi mmodzi atenge mbali.

*Mkulu wa posto:* Zikomo mafumu, amayi ndi abambo. Ndalama za caka cino zikwanira nchito imodzi yokha. Mapempho ndi awiri. Loyamba ndi kuthira dothi la timiyala pa msewu wa ku msika. Laciwiri ndi kumanga kamlatho pa mtsinje wa ku cipatala.

*Wamalonda:* Zikomo bwana. Msewu wa ku msika ndiwo umabweretsa ndalama. Malole akakana kulowa, mbatatesi zimaola. Tikonze umenewo.

*Mayi wa m'bwalo:* Pepani bambo, mwanena zoona. Koma msewu wa ku msika umangovuta, suduka. Mtsinje uja ukadzaza, palibe wooloka. Amayi amacirira m'njira, ndipo ana amajomba ku sukulu.

*Namwino:* Amayiwa sakunama. Nthawi ya dzinja odwala a tsidya lija amafika mocedwa, ena safika n'komwe.

*Mfumu:* Ana anga, ndamva mbali zonse. Koma mwaiwala cinthu cimodzi. Mtsinje umenewo ndiwo malire. Tsidya linalo ndi distrito ya anzathu. Tikamanga kamlatho, iwo osalambula msewu wa kwao, kamlathoko kadzaolotsa mbuzi zokha.

*Mmisiri wa misewu:* Wawa amfumu, mwalasa. Ndiponso ndalama zathu zingogula simenti ndi zitsulo. Miyala ndi mcenga zifunika kucokera kwina.

*Mfumu:* Miyala ndi mcenga tidzatuta ndife. Ndidzatuma mthenga kwa mfumu inzanga ya tsidya lija. Tinakwatirana, timaikana maliro. Sangakane.

*Mkulu wa posto:* Ine ndilemba kalata kwa a administradore, kuti akambirane ndi anzao a distrito inayo. Akatswiri a ku cigawo adzayeze mtsinjewo tisanayambe.

*Wamalonda:* Nanga ife a ku msika mwatitaya?

*Mayi wa m'bwalo:* Iyayi bambo. Lilembedwe lero m'buku kuti caka camawa msewu wa ku msika ndiwo woyamba. Pakali pano tifukule ngalande zake ndi makasu mvula isanagwe.

*Wamalonda:* Mtima sunakondwe, koma ndavomera. Tsono bukulo tidzaliwerenge pamaso pa onse.

*Mkulu wa posto:* Zatheka. Mlembi, lembani.

Mawu ofunika m'Cinyanja ndi m'Cipwitikizi

msewu: estrada
mlatho: ponte
kalavati: aqueduto
ngalande: valeta
kusamala msewu: manutenção
cigawo: província
bwanamkubwa: governador
bwalo la uphungu: conselho consultivo
khonsolo ya tauni: município
mabomba okwirira: minas
cipukuta misozi: indemnização

Pa mapu a Cipwitikizi maina ena amalembedwa motere: Makanga ndi Macanga, Furankungo ndi Furancungo, Cidzolomondo ndi Chidzolomondo, Angoniya ndi Angónia, Ulongwe ndi Ulónguè, Domwe ndi Dómuè, Zobwe ndi Zóbuè, Kalomwe ndi Calómuè, Musakama ndi Mussacama, Kasakatiza ndi Cassacatiza, Revubwe ndi Revúbuè.

Mafunso

1. Chulani maposto a distrito ya Tsangano ndi a distrito ya Makanga.
2. Kodi nchito ya cibalo inasiyana bwanji ndi nchito yotsegula misewu nkhondo itatha?
3. Kodi ndalama za Fundo de Estradas zimacokera kuti?
4. Ndani amasamala misewu yopanda nambala?
5. Fotokozani mmene pempho limayendera kucokera pa mudzi kufika pa distrito.
6. N'cifukwa ciani distrito imodzi sikanatha kukonza R604 ndi R605 payokha?
7. Kodi mlatho wa Kassuende unathandiza bwanji mu 2022?
8. M'sewero muja, kodi bwalo linasankha bwino? Perekani zifukwa ziwiri.
9. Kodi mwambi wakuti "walira mvula walira matope" ukugwirizana bwanji ndi phunziroli?

Masamu

1. Panapita zaka zingati kucokera pamene mlatho woyamba wa ku Tete unatsegulidwa kufika pamene wa Kassuende unatsegulidwa?
2. Yerekezani kuti lole imayenda makilomita 25 pa ola pa msewu woipa, ndi makilomita 50 pa ola pa msewu wabwino. Kodi ulendo wa makilomita 100 utenga maola angati pa msewu uliwonse?
3. Yerekezani kuti mlimi wakumba matumba 40 a mbatatesi. Podikira galimoto, thumba limodzi mwa matumba asanu alionse laola. Kodi watsala ndi matumba angati?

Zocita

1. Jambulani mapu a njira yocokera kwanu kufika ku sukulu. Ikani cizindikiro pamene pamaduka nthawi ya mvula.
2. Funsani agogo kapena amfumu mmene msewu wa kwanu unayambira. Lembani ziganizo zisanu.
3. Funsani dzina la nthumwi ya mudzi wanu m'bwalo la uphungu, ndi pempho limene inapereka caka catha.
4. M'magulu, lembani kalata yaifupi yopita ku bwalo la lokalidade. Chulani malo oipa pa msewu, anthu amene akuvutika, ndi cimene mudzi ungathe kucita wokha. Kenaka lembani kalata yomweyo m'Cipwitikizi.